Malipiro a ku Wall Street ndi a kuno ku Mzuzu: ndalamazo zimachokera kuti?

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, ana n'kuyamba kusankha maphunziro oti akachite ku yunivesite, nkhani ya malipiro imabuka m'makomo ambiri muno mu Mzuzu. Kale makolo ankayankha nkhaniyi poyang'ana anthu amene ankawadziwa okha, monga dokotala amene anamanga nyumba yake ku Katoto, kapena mphunzitsi amene anapuma pa ntchito akukhalabe m'nyumba ya lendi ku Chibavi. Masiku ano ana akubwera ndi manambala a pa foni. Amaona pa TikTok kapena pa YouTube mnyamata wa ku New York amene wangomaliza kumene digiri yake akunena kuti amalandira madola oposa 100,000 pa chaka pa ntchito yotchedwa investment banking, ndipo akasintha ndalamazo m'makwacha amayamba kuona ngati uphunzitsi, unamwino ndi uinjiniya n'kungotaya nthawi. Ine ndimagwira ntchito yowerengera ndalama, ndipo mbali ina ya ntchito yangayo ndi kukonza malipiro a anzanga mwezi ndi mwezi, choncho achibale amakonda kundibweretsera funso limeneli. Manambala amene anawa amaona si abodza. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti iwo amawatenga ngati muyeso wa nzeru za munthu ndi kufunika kwa ntchito yake, pamene kwenikweni amasonyeza kukula kwa ndalama zimene zimadutsa pa desiki ya munthuyo.

Banki imene ambirife timaidziwa ndi yosungitsako ndalama, kutapako ndi kukongolako. Investment banking ndi ntchito ina, ndipo makasitomala ake ndi makampani akuluakulu ndi maboma. Kampani ikafuna mpamba wochuluka, imatha kugulitsa masheya ake pa msika wa masheya, kapena kukongola kwa anthu ambiri nthawi imodzi kudzera m'zikalata za ngongole zotchedwa ma bond. Banki yamtunduwu ndi imene imawerengera mtengo woyenera, kukonza zikalata zonse zimene malamulo amafuna, ndi kupeza ogula. Kampani ina ikafuna kugula inzake, mbali iliyonse imalemba banki yoti iilangize pa mtengo ndi kuiyankhulira pa zokambirana. Mayina odziwika pa ntchitoyi ndi Goldman Sachs, JPMorgan ndi Morgan Stanley ku New York, Barclays ku London, komanso UBS ku Zurich.

Chimene banki zoterezi zimalandira ndi komishoni, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yonse. Aliyense amene anafunapo puloti muno mu mzinda amawadziwa ma ejenti. Ejenti amene wagulitsa kapuloti kopanda nyumba ku Mchengautuba ndi mnzake amene wagulitsa nyumba ya mpanda ku Chimaliro angathe kukhala kuti ayenda mtunda wofanana, aimba mafoni ofanana, ndipo atuluka thukuta lofanana, koma wachiwiriyo amapita kwawo ndi ndalama zochuluka kwambiri chifukwa gawo lake lachokera pa mtengo waukulu. Ku Amerika, kampani yapakatikati ikamalowa koyamba pa msika wa masheya, mabanki oithandiza nthawi zambiri amatenga 7 peresenti ya ndalama zonse zimene zapezeka. Ngati kampaniyo yapeza madola 200 miliyoni, ndiye kuti madola 14 miliyoni apita kwa mabankiwo, chonsecho anthu amene agwira ntchitoyo ndi kagulu kochepa kokwana m'chipinda chimodzi. Pa malonda akuluakulu zedi gawolo limatsika mpaka kuchepera 1 peresenti, koma pamene Microsoft inkagula kampani ya masewera a pa kompyuta ya Activision Blizzard pa mtengo wa madola pafupifupi 69 biliyoni, malonda amene anatha mu Okutobala 2023, ngakhale kachigawo kakang'ono ka 1 peresenti kanali ndalama zankhaninkhani. Banki yotere ilibe fakitale yoti igulire makina, ilibe munda woti igulire feteleza, ndipo chuma chake chachikulu ndi anthu amene amadziwana ndi mabwana a makampani. Anthuwo akachoka, makasitomala amawatsatira, motero banki imakakamizika kuwapatsa gawo lalikulu la zimene yapeza.

M'chaka cha 2021, chimene chinali chabwino kwambiri pa ntchitoyi, Goldman Sachs inagwiritsa ntchito madola pafupifupi 17.7 biliyoni pa malipiro ndi zina zothandizira ogwira ntchito ake, amene anali pafupifupi 44,000. M'chaka chomwecho, chuma chonse chimene dziko la Malawi linapanga, kuphatikizapo fodya, tiyi, shuga, chimanga ndi ntchito za anthu pafupifupi 20 miliyoni, chinali cha madola pafupifupi 12 biliyoni. Banki imodzi inalipira antchito ake kuposa zonse zimene dziko lathu linapanga. Sindinena izi pofuna kuti tidzimvere chisoni, koma kuti tione kuti mwana amene akuyerekeza malipiro a ku Wall Street, dzina limene limaimira mabanki akuluakulu a ku New York, ndi a mphunzitsi wa ku Zolozolo akuyerekeza zinthu zochokera m'matumba awiri osiyana kukula kutalitali. Ndalamazo sizigawidwanso mofanana mkati mwa bankiyo. Woyamba kumene amatchedwa analyst, pamwamba pake pali associate, kenako vice president, mpaka kukafika pa managing director, ndipo pamene munthu akukwera m'pamenenso bonasi imakula kuposa malipiro a pamwezi. Mkulu wa Goldman Sachs, David Solomon, analandira madola 39 miliyoni pa ntchito ya chaka cha 2024, chimodzimodzinso Jamie Dimon wa JPMorgan.

Tsopano titenge malipiro a woyamba kumene, popeza ndi amene amakopa ana athu. Kufikira kumayambiriro kwa 2021 mabanki ambiri a ku New York ankapereka madola 85,000 pa chaka, kupatula bonasi. Mu Malichi chaka chomwecho munatuluka chikalata chimene achinyamata 13 a m'chaka chawo choyamba ku Goldman Sachs analemba, chofotokoza kuti ankagwira ntchito maola pafupifupi 95 pa sabata ndi kugona maola asanu okha pa usiku, ndipo kuti thanzi lawo la m'thupi ndi la m'maganizo linali litalowa pansi. Nkhaniyi itamveka dziko lonse, mabanki anayamba kukweza malipiro, ambiri kufika pa madola 100,000, ndipo Goldman Sachs inafika pa madola 110,000. Pa mtengo wa boma wa m'chaka cha 2025 wa K1,751 pa dola imodzi, ndalamazi ndi zoposa K190 miliyoni pa chaka, kapena kuti pafupifupi K16 miliyoni pa mwezi. Munthu wolandira malipiro otsikitsitsa ovomerezeka kuno kwathu, amene anafika pa K126,000 pa mwezi m'chaka cha 2025, angafunike zaka zoposa 120 kuti apeze zimene mnyamata ameneyu amapeza m'chaka chimodzi.

Koma masamu oterewa amasiya zinthu zambiri panja. Maola 95 pa sabata ndi ntchito ya anthu awiri, ndipo tikagawa madola 85,000 aja ndi maola amenewa kwa masabata 50, timapeza madola pafupifupi 18 pa ola, pamene malipiro otsikitsitsa ovomerezeka mu mzinda wa New York nthawi imeneyo anali madola 15 pa ola. Bonasi imakweza nambalayi kwambiri, n'zoona, koma bonasi si lonjezo, ndipo imatsika chaka chimene malonda avuta. Munthu wokhala mu mzinda wa New York amakhoma msonkho ku boma lalikulu, ku boma la chigawo ndi ku mzinda, ndipo pa malipiro oterewa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limachoka asanalione. M'chaka cha 2022 lendi ya nyumba wamba ku Manhattan, chigawo cha mzinda wa New York kumene kuli mabankiwa, inadutsa madola 4,000 pa mwezi, n'chifukwa chake achinyamata ambiri a ntchitoyi amakhala awiri kapena atatu m'nyumba imodzi. Ntchitoyo ndi yosakhazikikanso. Mu Januwale 2023, Goldman Sachs yomweyo inachotsa anthu pafupifupi 3,200, ndipo mu Malichi chaka chomwecho Credit Suisse, banki imene inakhalapo kuyambira 1856, inagwa n'kumezedwa ndi UBS. Ambiri mwa oyamba ntchitoyi amachoka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo ofika pa udindo wa managing director ndi ochepa kwambiri.

Sindikufuna kunamiza aliyense kuti tikachotsa zonsezi ndiye kuti mnyamata wa ku New York uja walingana ndi namwino wa kuno. Ngakhale titachotsa msonkho, lendi ndi maola, iye amatsalabe ndi ndalama zimene namwino wathu sadzaziona pa moyo wake wonse wa ntchito, ndipo namwinoyo nayenso amachezera usiku ali chiimire m'wodi yodzaza ndi odwala. Funso lofunika n'lakuti n'chifukwa chiyani kutopa kwa mmodzi kumalipidwa pamene kutopa kwa mnzake sikulipidwa. Yankho lili pa amene akulipirayo. Phindu la ntchito ya wa ku banki limaoneka tsiku limene malonda atha, limawerengeka m'madola, ndipo amene wapindulayo ndi kampani yolemera imene ili pomwepo kuti ilipire. Phindu la mphunzitsi wa sitandade 1 amene waphunzitsa ana kuwerenga limadzaoneka patatha zaka makumi awiri, limamwazika pa anthu ambirimbiri, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene adzabwerere kudzamupatsa gawo lake. Malipiro ake amachokera ku msonkho, ndipo msonkho wa dziko limene anthu ambiri ndi alimi ang'onoang'ono ndi ochita geni ndi wochepa, chonsecho uyenera kugawidwa kwa aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi asilikali zikwizikwi, komanso kubweza chiwongoladzanja cha ngongole za boma.

Pali umboni wa kwathu komwe kuno wakuti malipiro a ntchito zoterezi amasintha pakapezeka wina wofuna kulipira. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anamwino athu ankachoka ambiri kupita ku Britain, ndipo zipatala zinatsala ndi anthu ochepa pa nthawi imene Edzi inali itafika poipa. Boma, mothandizidwa ndi boma la Britain ndi Global Fund, linayambitsa ndondomeko yapadera imene kuyambira 2005 inawonjezera 52 peresenti pa malipiro a magulu 11 a ogwira ntchito zachipatala. Ntchito ya namwino sinasinthe usiku umenewo, ndipo kufunika kwake kunali komweko kuyambira kale. Chimene chinasintha n'chakuti ntchitoyo inapeza msika kunja, ndipo kuopa kutaya anthu kunatsegula thumba limene poyamba linali lotseka. Aphunzitsi alibe msika wotere kunja, ndipo n'chifukwa chake chida chawo chimakhala sitalaka, monga mmene bungwe la Teachers Union of Malawi linachitira m'chaka cha 2021 pa nkhani ya alawansi ya chiopsezo cha Covid-19.

Malipiro aakulu a m'mabanki akunjawa ali ndi mbali inanso imene sitiyenera kuiiwala, chifukwa si nthawi zonse pamene amatsatira phindu lenileni. Zaka zapafupi ndi 2008, anthu ambiri a ku Wall Street analandira mabonasi aakulu pogulitsa zikalata zomangidwa pa ngongole za nyumba zimene okongolawo sakanatha kubweza. Pa 15 Seputembala 2008 banki ya Lehman Brothers inagwa, boma la Amerika linapatula madola 700 biliyoni a okhoma msonkho kuti lipulumutse mabanki otsalawo, koma mabonasi amene anali ataperekedwa kale ambiri sanabwezedwe. N'chifukwa chake mayiko a European Union anaika lamulo, limene linayamba kugwira ntchito mu 2014, lakuti bonasi isapose malipiro a pachaka a munthuyo, kapena isapose kuwirikiza kawiri ngati eni masheya avomereza. Britain inachotsa malire amenewa mu Okutobala 2023 pofuna kuti London isataye anthu ake kupita ku New York. Kwa ine nkhaniyi imasonyeza kuti ngakhale kumene ndalamazo zimaperekedwa, anthu sagwirizana kuti wolandira zambiri ndiye wathandiza kwambiri.

Nanga kuno kwathu ntchitoyi ilipo? Ilipo ndithu, koma ndi yaing'ono molingana ndi msika wathu. Msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange uli ku Blantyre, kampani yoyamba kulowapo inali NICO mu 1996, ndipo kufikira lero makampani amene alipo sakwana 20. Pamene Airtel Malawi inkalowa pa msikawu mu Febuluwale 2020, inagulitsa 20 peresenti ya masheya ake pa K12.69 imodzi n'kupeza pafupifupi K28 biliyoni, ndipo FDH Bank inatsatira chaka chomwecho. Amenewa anali malonda aakulu kwa ife, koma pamadutsa zaka popanda kampani yatsopano kulowa, kotero komishoni yake singadyetse anthu ambiri. Ogwira ntchitoyi amapezeka m'nthambi zochepa za mabanki akuluakulu ndi m'makampani monga CDH Investment Bank, ndipo pafupifupi onse ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Muno mu Mzuzu tili ndi nthambi za mabanki, ndipo ntchito zake ndi za pa kauntala, za ngongole ndi za kusamalira makasitomala, zimene ndi ntchito zolemekezeka koma zosiyana kotheratu ndi zimene ana amaona pa foni. Malonda akuluakulu a m'chigawo chino cha Afrika amakonzedwa makamaka ku Johannesburg. Ndiwonjezere kuti gawo lalikulu la phindu la mabanki athu limachokera pa kukongoza boma, makamaka kuyambira pamene Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu 2024, ndipo chiwongoladzanja chimene boma limalipira mabankiwo chimachokera m'thumba lomwelo la msonkho limene mphunzitsi akudikirirako malipiro ake.

Mwana wa mlongo wanga, amene amakhoza bwino masamu, anandifunsa mosapita m'mbali kuti, "Amalume, ngati ndalama zili ku banki zamtunduwu, bwanji ndisangopita komweko?" Sindinamuletse, chifukwa kufuna kulandira bwino si tchimo, makamaka kwa mwana amene akudziwa kuti azibale ake aang'ono adzadalira iye pa fizi. Ndinamuuza kuti, "Mphwanga, khomo lake ndi lopapatiza, ndipo uyenera kulidziwa usananyamuke." Mabanki a ku New York ndi ku London amatenga anthu awo makamaka m'mayunivesite ochepa odziwika, kudzera mwa ophunzira amene anayamba kugwirako ntchito yoyeserera pa tchuthi asanamalize digiri, ndipo kwa mlendo pamafunikanso chilolezo chogwirira ntchito m'dzikolo. Njira imene mwana wa kuno angaitsate ndi kuphunzira masamu, zachuma kapena zowerengera ndalama ku Mzuzu University, ku MUBAS kapena ku University of Malawi, kuwonjezerapo mayeso a akatswiri owerengera ndalama a ACCA kapena a ICAM, kenako a akatswiri a misika ya ndalama otchedwa CFA amene ali ndi magawo atatu ndipo amalipiridwa m'madola, n'kuyamba ntchito m'kampani yoyendetsa ndalama za penshoni kapena m'nthambi ya banki yoona za makampani akuluakulu. Njirayi ndi yaitali ngati ya udokotala, umene umatenga zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi ku KUHeS munthu asanayambe n'komwe ntchito yoyeserera m'chipatala.

Chinthu chimene ndinakhalitsa naye pansi, komabe, chinali kayerekezedwe ka malipiro a kuno komwe, chifukwa m'pamene anthu ambiri amasochera. Nambala imene munthu amatchula akafunsidwa malipiro ake kawirikawiri ndi gawo chabe la zimene amapeza. Wina amalandira zochepa pa pepala koma ali ndi nyumba ya ku ntchito, galimoto, mafuta, thandizo la kuchipatala la banja lonse ndi ngongole ya chiwongoladzanja chotsika imene amamangira nyumba. Wina amalandira zambiri ku bungwe lomwe si la boma koma pa kontirakiti ya zaka ziwiri imene imatha thandizo la kunja likaima, monga mmene anthu ambiri a zaumoyo anaonera mu 2025 pamene ntchito za USAID zinaimitsidwa. Wina wa m'boma amadalira ma alawansi a misonkhano ndi maulendo kuposa malipiro ake, pamene mnzake wa giredi yomweyo amene ali m'kalasi kapena m'wodi alibe ulendo uliwonse. Palinso penshoni, imene lamulo limafuna kuti wolemba ntchito aziika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti, ndipo kusiyana kwa kampani imene imaperekadi ndalamazi ndi imene imangodula osatumiza kumadzaoneka munthu atakalamba. Koposa zonse pali kugwa kwa kwacha. Ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene malipiro ake amawerengedwa m'madola anadzuka atakwezedwa popanda kupempha, pamene mphunzitsi anapeza kuti ndalama zomwe zija sizikukwaniranso thumba la feteleza.

Monga munthu amene ndimaona mapepala a malipiro, ndinganene kuti chizindikiro chenicheni cha mmene munthu alili si nambala ya pamwamba koma ya pansi, itachotsedwa msonkho ndi ngongole. Anthu ambiri a ntchito zooneka bwino amafika pa tsiku lolandira ndalama zawo zitatha kale ku ngongole za pa malipiro, ku banki mkhonde ndi kwa akatapila, chifukwa malipiro amodzi kuno amadyetsa makomo atatu kapena anayi, kuphatikizapo makolo ku Rumphi kapena ku Mzimba, fizi ya ana a abale, ndi maliro. Mnyamata wa ku New York uja nthawi zambiri amadzidyetsa yekha, ngakhale kuti ambiri a iwo amakhala ndi ngongole ya sukulu yoti abweze.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti mwana wa mu Mzuzu angathe kudziwa malipiro a ku Goldman Sachs m'mphindi zochepa pa intaneti, koma sangadziwe malipiro a ntchito imene ikulengezedwa m'nyuzipepala ya kuno. Zolengeza zathu zambiri zimangonena kuti malipiro ndi abwino ndipo adzakambidwa ndi amene wapambana, ndiyeno pa tsiku la intavyu amafunsa wachinyamata amene wakhala zaka osapeza ntchito kuti atchule yekha ndalama zimene akufuna. Iye amatchula zochepa poopa kutaya mwayi, ndipo amayamba ntchito akulandira zotsika kuposa mnzake wa desiki yoyandikana nayo, osadziwa. Atsikana ndi amene amavulala kwambiri ndi mchitidwewu, popeza ambiri analeredwa kuti kutchula mtengo wako n'kupanda ulemu. Mzinda wa New York unaika lamulo, limene linayamba kugwira ntchito mu Novembala 2022, lakuti olemba ntchito azitchula malipiro otsika ndi okwera a ntchito iliyonse imene akulengeza, ndipo mabanki a ku Wall Street nawonso amalitsatira. Kuno kwathu lamulo lotere silingafune ndalama za boma kapena thandizo la kunja, ndipo ndi nkhani imene Unduna wa Zantchito, bungwe la olemba ntchito la ECAM ndi la ogwira ntchito la MCTU angathe kuikambirana pa tebulo lomwelo limene amakambiranapo za malipiro otsikitsitsa.